Makampani akapangana mitengo ku Joni, ndalama zanu mumazilondola chonchi

Zikamveka kuti Competition Tribunal ya ku South Africa yalipiritsa kampani chindapusa cha mamiliyoni chifukwa chopangana mitengo ndi anzake, m'magulu athu a pa WhatsApp anthu amangoti eya awakhaulitsa, zawo izo. Koma tafunsani kaye kuti ndalamazo zikupita kuti. Zimalowa m'thumba la boma lotchedwa National Revenue Fund, inu amene munkaoda katundu pa mtengo wokwezedwa mwachinyengo uja simulandirapo ngakhale 5 senti. Chindapusa ndi nkhani ya boma ndi kampaniyo basi. Zanu ndi nkhani ina, ili ndi njira yakeyake ndipo palibe amene adzakuyendereni njirayo, ndiye poti ambiri a ife kuno tili ndi ma spaza, ena magalimoto onyamula katundu, ena timakampani ta zomangamanga, ndati ndiyale momwe zimayendera.

Lamulo lake ndi Competition Act nambala 89 ya 1998, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 1999. Lili ndi mabungwe 3: Competition Commission yomwe imafufuza, Tribunal yomwe imaweruza, ndi Competition Appeal Court kopita ndi apilo. Muwasunge m'mutu atatuwa chifukwa anthu amawasokoneza heve. Izi ndi za kuno, kumudzi kuli bungwe lake loona za mpikisano pa malonda la CFTC ndi lamulo lake, musadzatenge magawo ndikutchulawa kukawawerenga ku khothi la ku Blantyre.

Poyamba penipeni dziwani ngati zomwe zakuchitikiranizo zilidi zoletsedwa, chifukwa si kudula kulikonse komwe kuli mlandu. Gawo 4 limaletsa makampani opikisana kupangana mtengo, kugawana makasitomala kapena madera, komanso kupangana pa ma tenda kuti uno wina iwe winawo ndiwina ine. Zitatuzi zilibe chodzikanira, sanganene kuti tinkathandiza msika ayi. Gawo 5 limaletsa amene amakugulitsani katundu kukuikirani mtengo woti musatsikepo pogulitsa, iye akhoza kungolemba mtengo wolangiza koma osakukakamizani. Gawo 8 ndi la makampani akuluakulu ogwiritsa ntchito mphamvu zawo molakwika, monga kunyengerera makasitomala kuti asagule kwa opikisana nawo, ndipo kampani ikakhala ndi 45% ya msika lamulo limaitenga kuti ndi yamphamvu popanda kukambirana. Ngati nkhani yanu ndi yoti holoselo wakupatsani katundu wowola kapena wakubisirani chenji imeneyo ndi ina, ipite kwina.

Tsopano apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa. Simungangodzuka m'mawa kupita ku khothi lalikulu kukasuma kuti makampani akuti anapangana mitengo andibwezere ndalama zanga. Khothi wamba silololedwa kugamula ngati lamulo la mpikisano laswedwa, ntchito imeneyo ndi ya Tribunal ndi khothi lake la apilo lija. Ndiye ulendo uli pawiri, uyambe wapeza chigamulo cha Tribunal chonena kuti khalidwelo ndi loletsedwa, kenako ndi pomwe upite ku khothi wamba kukawerengetsa zomwe unaluza. Tribunal payokha siwerengera munthu chipukuta misozi, kupatula pamene mwagwirizana nokha, ndifikapo.

Ngati palibe amene wadandaula kale, dandaulani ndinu. Pali fomu yotchedwa CC1, imapezeka pa webusayiti ya Commission, kudandaula ndi kwaulere ndipo lamulo likuti munthu aliyense akhoza kutero, silikunena za mzika zokha. Lembani zomveka, ndani, anachita chani, liti, kuti, osati nkhani yaitali ya momwe munavutikira kuchokera ku Mangochi. Commission imakhala ndi chaka chimodzi choti itumize nkhani ku Tribunal kapena ikupatseni kalata yoti sitipitiriza, ngakhale nthawiyi amatha kuonjezera, ndipo amaonjezeradi. Kalata yokanayo si mathero, muli ndi masiku 20 ogwira ntchito oti mutengere nkhaniyo nokha ku Tribunal, kungoti apo ndiye loya ndi wanu ndalama ndi zanu. China, dandaulo lisachedwe kupitirira zaka 3 chithereni khalidwelo. Mu 2020 pa mlandu wa Pickfords, Constitutional Court inati kuchedwaku kukhoza kukhululukidwa pakakhala chifukwa chomveka, poti ma cartel, kupangana kwa makampani opikisana kuja, amachitika mobisa, koma ine sindingakulangizeni kudalira kukhululukidwa. Ndipo ngati bizinesi ikufa muli chidikirire, gawo 49C limalola kupempha Tribunal chiletso chongoyembekezera cha miyezi mpaka 6.

Nkhani ya buledi ndi yomwe imaonetsa bwino kuti munthu wamba akhoza kuyambitsa zinthu. Mu Disembala 2006 ku Western Cape, Imraahn Mukaddam amene ankagawa buledi m'mashopu anaona kuti ma bekale onse akuluakulu akweza mtengo nthawi imodzi, adula disikaunti ya ogawa buledi nthawi imodzinso, ndipo ukafuna kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo sakukulandira. Anakanena ku Commission. Zinapezeka kuti eni a Albany, Sasko ndi Blue Ribbon amakhalirana pansi, kenako kafukufuku wa dziko lonse anakolanso eni a Sunbake. Tiger Brands, eni a Albany, inalipira R98.8 miliyoni mu 2007, Foodcorp, eni a Sunbake, R45.4 miliyoni mu 2009, Pioneer Foods, eni a Sasko, yomwe inalimbalimba mpaka ku Tribunal inagamulidwa R195.7 miliyoni mu 2010. Premier Foods, eni a Blue Ribbon, sanalipire chindapusa chifukwa ndi amene anayamba kuulula, pali ndondomeko yokhululukira woyamba kulapa. Ndalama zonsezi kwa ogawa buledi aja sizinafike.

Chigamulo chikatuluka, chotsatira ndi setifiketi. Ka pepala kameneka ndi mtima wa nkhani yonse. Gawo 65 likuti posuma ku khothi wamba muyenera kupereka kalata yochokera kwa wapampando wa Tribunal, kapena kwa jaji wamkulu wa Competition Appeal Court, yotsimikiza kuti khalidwelo linapezeka loletsedwa, tsiku la chigamulo, ndi gawo la lamulo lomwe linaswedwa. Ubwino wake ngwakuti setifiketiyo khothi silingaitsutse, kampani singabwerenso kudzati ife sitinapangane ndi munthu, nkhani imeneyo yatsekedwa. Ndipo sikuti mpaka mukhale inu amene munadandaula kuti muipemphe, aliyense amene analuza chifukwa cha khalidwelo ali ndi njira. Itengeni msanga chifukwa chiwongola dzanja pa ndalama zanu chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe setifiketi yatuluka, osati tsiku lomwe munayamba kuberedwa, mwezi uliwonse mukuzengereza ndi ndalama yotayika.

Koma muwerenge bwino dzina lomwe lili pa chigamulocho. Anthu ofuna kusumira ma bekale aja anafunanso setifiketi ya Premier, Premier inakana, ndipo mu 2015 Supreme Court of Appeal inagwirizana nayo chifukwa Commission potumiza mlandu ku Tribunal sinaiike Premier ngati woimbidwa mlandu, inali ngati mboni chabe. Ndiye onani, kukhululukidwa ndi Commission sikutanthauza kuti kampani yamasuka kwa anthu omwe inawabera ayi, koma ngati palibe chigamulo chogwa pa dzina lake setifiketi situluka. Loya wanzeru amayang'ana zimenezi mlandu ukadali ku Tribunal osati pambuyo.

Milandu yambiri siifika poweruzidwa, kampani imangogwirizana ndi Commission n'kulipira, Tribunal n'kudinda. Apa pali zinthu ziwiri zoti muone. Choyamba kodi kampaniyo yavomera kulakwa m'pepalalo? Ena amalipira koma n'kulemba kuti sitikuvomera mlandu, zikatero njira yanu yatalika, ngati munali wodandaula mukhoza kupempha Tribunal kuti ilengeze kuti khalidwelo linali loletsedwa. Chachiwiri, mgwirizanowo ukhoza kukhala ndi chipukuta misozi chanu ngati inu mwalola, koma mukalandira pamenepo mwatseka chitseko cha ku khothi wamba. Akakuitanani kuti bwana tikupatseni kenakake tithane, musasayine tsiku lomwelo chifukwa choti nambala yaoneka yaikulu pa pepala, yambani mwawerengetsa.

Za nthawi. Ufulu wanu wosuma umabadwa tsiku lomwe Tribunal yagamula, kapena pakakhala apilo tsiku lomwe apilo yatha, ndipo apilo ili mkati simungasume. Kuchokera pamenepo Prescription Act ya 1969 imapereka zaka 3 pa ngongole wamba. Zaka 3 zimaoneka zambiri mpaka mutayamba kusaka ma invoisi a zaka 8 zapitazo.

Ndipo ma invoisiwo ndi amene adzakupulumutseni kapena kukugwetsani, chifukwa setifiketi imangonena kuti analakwa, sinena kuti inu munaluza, sinenanso kuti zingati. Zimenezo mukaonetsa nokha. Ife amalawi geni yathu yambiri ndi ya m'thumba, waoda wagulitsa watumiza kumudzi, risiti yakulungira mandasi. Pa nkhani iyi khalidwe limenelo ndi lodzipha nalo. Sungani ma invoisi onse, ma sitetimenti a ku banki, mapepala a mitengo omwe sapulaya amatumiza, mauthenga a pa foni omwe sales rep ananena kuti kuyambira Lolemba mtengo ndi uwu ndipo kulikonse mupite mukapeza womwewu, ajambuleni musunge pa imelo osati pa foni pokha. Sunganinso za nthawi yomwe zinthu zinali bwinobwino, poti khothi limafanizira, likufuna kudziwa kuti pakanapanda chinyengocho mtengo ukanakhala wotani kapena mukanagulitsa zochuluka bwanji.

Tiyeni tingoyerekeza ndi manambala ongopeka. Spaza yanu imaoda malofu 200 pa tsiku, cartel yaonjezera 30 senti pa lofu, masiku 300 pa chaka, ndiye kuti R18,000 pa chaka. Zikumveka bwino eti? Koma loya wa kampani adzakufunsani kuti nanga inu atakukwezerani simunakwezenso kwa makasitomala anu? Ngati munakweza 30 senti yonseyo ndiye kuti waluza ndi mayi wogula uja osati inu, chomwe mungalozeko ndi choti malonda anatsika chifukwa buledi anadula. Kuno khothi limabwezera zomwe waluzadi basi, sizili ngati ku America komwe Clayton Act ya 1914 imapatsa munthu katatu ka zomwe analuza. Ndiye amene amaonera nkhani za kumeneko n'kumaganiza kuti alemera, mtima pansi.

Mlandu woyamba womwe khothi linafika pogamula ndalama unali wa ndege. South African Airways (SAA) inkapatsa ma travel agent mabonasi okonzedwa mwakuti ajenti aliyense aziona kuti kugulitsa tikiti ya kampani ina ndi kudzitayitsa ndalama. Tribunal inailipiritsa R45 miliyoni mu 2005, n'kudzaipezanso yolakwa mu 2010 pa zomwe inachita kuyambira 2001 mpaka 2005. Nationwide, kampani ya ndege yomwe inkapikisana ndi SAA, inatenga setifiketi n'kupita ku khothi lalikulu ku Johannesburg kukafuna R171.5 miliyoni. Kumeneko sikunali kukangana zoti SAA inalakwa kapena ayi, kunali akatswiri a zachuma a mbali ziwiri kulimbana pa funso limodzi, kodi Nationwide ikananyamula anthu angati pakanapanda mabonasi aja. Jaji Nicholls mu Ogasiti 2016 anapeza phindu lotayika la R139.5 miliyoni, n'kuchotsapo 25% poganizira kuti zinthu zina zikanathanso kuisokoneza kampaniyo, inatsala R104.6 miliyoni. Taonani zaka zake, khalidwe la 2001, ndalama kugamulidwa 2016, pomwe Nationwide yeniyeniyo inasiya kuuluka mu 2008, amene ankayendetsa mlandu ndi othetsa kampani. Phunziro la ntchito apa ndi loti popanda katswiri wa zachuma mlanduwu sungayende, ndipo amenewo salipidwa ndi zikomo.

Nanga munthu wogula lofu imodzi pa tsiku? Pa chitsanzo chathu chija waluza R109.50 pa masiku 365 a chaka, palibe loya angatsegule fayilo. Njira yake ndi kusuma pagulu. Pa buledi pomwepa mabungwe ngati Children's Resource Centre, Black Sash ndi COSATU anayesa kuimira ogula, khothi la ku Cape Town linawakana, koma mu Novembala 2012 Supreme Court of Appeal kudzera mwa jaji Wallis inati kusuma pagulu n'kololedwa bola muyambe mwapempha chilolezo cha khothi, muonetse kuti gululo ndi ndani, kuti pali mlandu womveka, kuti mafunso ake ndi ofanana kwa onse, kuti woimirayo ndi woyenera, komanso kuti ndalama zikapezeka zidzagawidwa bwanji. Mukaddam naye anafuna kuimira ogawa buledi anzake, anakanidwa kawiri, mpaka mu 2013 Constitutional Court inati zinthu zimenezi si malamulo ouma, chachikulu ndi chomwe chilungamo chikufuna. Kwa ife a mabizinesi ang'onoang'ono ineyo ndimaona kuti njira yeniyeni ndi imeneyi, kulowa m'bungwe la ochita malonda a m'dera lanu n'kuyenda pamodzi. Wekha ungotha mpamba.

Tsopano mbali ina yomwe anthu saiganizira, ya kontrakiti. Mwina inu simukufuna chipukuta misozi, mukungofuna kumasuka ku mgwirizano womwe ukukumangani, sapulaya analemba kuti musagule kwa wina aliyense kapena musagulitse pansi pa mtengo wakuti. Wina akuuzani kuti zimenezo n'zosemphana ndi lamulo ingosiyani kutsatira. Chonde musatero. Gawo 65(1) likunena mosabisa kuti mfundo ya m'kontrakiti siifa yokha ngakhale ikhale yoletsedwa, imafa pokhapokha Tribunal kapena Competition Appeal Court italengeza kuti yafa. Mukangosiya kulipira kapena kuyamba kuoda kwina, amene waswa kontrakiti ndinu ndipo akusumirani. Akakusumirani mukhoza kudzutsa nkhani ya mpikisano ngati chodzitetezera, khothi silidzaigamula lokha, lidzaitumiza ku Tribunal, koma pokhapokha litaona kuti si yongofuna kuchedwetsa mlandu komanso kuti mlanduwo sungathe popanda kuyankha funso limenelo. Majaji anazolowera anthu angongole amene amakumbukira za mpikisano tsiku lomwe samani yafika, ndiye ngati mfundoyo ikukupwetekani kadandauleni lero mukadali bwino ndi malipiro anu, pepala la CC1 lokhala ndi deti lakale limakuyankhulirani.

Abale athu a ku Ireland ndi maiko ena a EU kwawoko n'zosiyana, Article 101 ya pangano lawo imati mgwirizano wotere ndi wakufa wokha osadikira wina alengeze, ndipo Britain ili ndi mfundo yofanana m'lamulo lake la 1998. Kunali Bernard Crehan, ankachita lendi ma pub ku England ndipo kontrakiti inkamukakamiza kuoda mowa wa Courage pa mtengo wokwera, mu 2001 khothi la ku Ulaya linati ngakhale iye anasayina nawo akhoza kufuna chipukuta misozi poti anali mbali yofooka. Anthu amaitchula nkhaniyi ngati chipambano koma mu 2006 House of Lords inamugwetsa, sanapate kanthu.

Kuno mfundo zomanga anthu zagwapo, koma kudzera njira ija. Kafukufuku wa Commission pa msika wa magolosale yemwe lipoti lake linatuluka mu Novembala 2019 anapeza kuti masupamaketi akuluakulu ankalemba m'ma lizi awo kuti mwini mall asalowetse wina wogulitsa zakudya, kwa zaka zambirimbiri. Shoprite inagwirizana ndi Commission mu 2020 kuti isiya kugwiritsa ntchito mfundozo pa mabizinesi ang'onoang'ono, Pick n Pay inatsatira. Ndiye landilodi wa pa mall akakukanizani malo a butchala kapena ka golosale ponena kuti supamaketi sikulola, mufunseni akuonetseni mfundoyo, n'kutheka akunena za chinthu chomwe chinatha kale.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi, kwa inu a timakampani ta zomangamanga ndi ma transport: mnzanu akakupemphani kuti ponyaniko koteshoni yokwera kuti yanga ioneke yotchipa ndidzakuonani, kumeneko ndi kupangana pa tenda ndithu. Makampani 15 a zomangamanga analipira R1.46 biliyoni mu 2013 pa zomwezi, kuphatikizapo masitediyamu a World Cup ya 2010, ndipo chindapusa sichinawatchinjirize kwa eni ntchito monga mzinda wa Cape Town omwe anabwera pambuyo kudzafuna zawo. Chindapusa chimafika 10% ya ndalama zonse zomwe kampani yapanga pa chaka, wobwereza 25%, ndipo kuyambira 2016 dayilekita akhoza kuimbidwa mlandu iye mwini. Lamulo silinapatule ang'onoang'ono pa nkhani yopangana pa tenda.

Za loya ndi khothi. Ndalama zosapitirira R200,000 zimapita kwa majisitireti wa distrikiti, mpaka R400,000 ku regional, kuposa apo khothi lalikulu. Ngati mulibe zolipira loya funsani za mgwirizano wolipira mukawina, Contingency Fees Act ya 1997 imalola koma inaika malire, loya asatenge kuposa kawiri ka fizi yake ya nthawi zonse kapena 25% ya zomwe mwawina, chomwe chili chochepa pa ziwirizo, ndipo zilembedwe. Funsaninso kuti katswiri wa zachuma alipidwa ndi ndani, komanso mukaluza ndalama za maloya a mbali inayo zigwera ndani, poti ku khothi wamba woluza ndi amene kawirikawiri amasenza. Amene munabwerera kumudzi koma mukufuna kusuma kuno, mbali inayo ikhoza kupempha kuti muyambe mwaika ndalama ya chikole cha zimenezi.

Musanayambe zonsezi yang'anani thumba la amene mukumusumirayo. Comair, kampani inanso ya ndege, inawina SAA pa nkhani yomwe ija ya ma ajenti mu Febuluwale 2017, R554 miliyoni, ndi chiwongola dzanja inadutsa R1 biliyoni. Mu 2019 anagwirizana kuti SAA izilipira pang'onopang'ono R1.1 biliyoni, Disembala wa chaka chomwecho SAA inalowa mu business rescue, ndondomeko yoyesa kupulumutsa kampani yomwe ikugwa, gawo lalikulu la ngongoleyo lisanaperekedwe, Comair n'kukhala pa mzere limodzi ndi ena onse omwe SAA inali nawo ngongole, ndipo mu 2022 nayo inatsekedwa. Ndiye ngati mu cartel muli makampani angapo okhala ndi setifiketi, uzani loya ayang'ane mabuku awo onse asanasankhe woyamba kumutumizira samani, ndipo pokambirana zolipira pang'onopang'ono mufunse chikole.